Ng'ombe Yabereka, Koma Yakana Kudzuka

Tambala woyamba anali atangolira kumene, nthanda ikadali ngwee kum'mawa, pamene mayi wina wamasiye wa m'mudzi wina kuseri kwa Bvumbwe, m'boma la Thyolo, anatuluka m'nyumba, tochi kudzanja lino, chidebe chokamira kudzanja linalo, nalunjika kukhola monga achitira mbandakucha uliwonse chimwalirire mwamuna wake.

Anapeza ng'ombe ili pansi.

Inagona chapachifuwa pa simenti yonyowa, miyendo yonse itaipindira kunsi, khosi litakhota, mutu itaubwezera m'nthiti monga achitira galu pogona. Mayiyo ataigwira makutu anawapeza ali zii ngati mwala wa kumtsinje. Ndipo mphuno, imene pa ng'ombe yabwinobwino imakhala ndi timadontho tonga mame, inali youma gwa. Thole limene linabadwa dzulo lake chakumadzulo linali kungozungulira make, kugunyuza apa ndi apo, kufunafuna bere limene silikanatha kulifikira.

Ine ndinali mlendo m'mudzimo, nditapita kukacheza ndi alimi a mkaka, ndipo chimene chinandidzutsa ndi mfuu ya mayiyo. Pamene dzuwa linkasuzumira kuseri kwa phiri la Mulanje, pakhomopo n'kuti patadzaza anthu ngati pasiwa, yense ndi nzeru yake.

Mnyamata wina anagwira mchira nayamba kuupotokola. Bambo wina anati aithire madzi m'makutu, wina anati tsabola m'maso, kuti ululu uidzutse. Wina anathamangira kwawo nabwera ndi botolo la mafuta ophikira osakaniza ndi soda kuti aimwetse. Agogo awiri anali kunong'onezana za anthu a kaduka amene sakondwa poona mkazi wopanda mwamuna akupita ndi chigubu cha mkaka kukagulitsa tsiku ndi tsiku. Ndipo chapatali pang'ono, patsinde pa mtengo wa mapeyala, panaima munthu wa butchala, njinga yake ataitsamiritsa, wosalankhula kanthu, pakuti iye anadziwa kuti malonda ake amabwera okha anthu akatopa.

"Ayi, bambo, chonde musaimenye," anatero mayiyo, atagwira dzanja la munthu amene anali atatola kale ndodo. "Ng'ombe iyi ndiye mwamuna wa pakhomo pano. Ana anga akuphunzira ndi iyoyi."

Anaimbira foni mlangizi wa ziweto, ndipo mlangiziyo, asanakwere n'komwe njinga yake yamoto, analamula zinthu zitatu: asaimwetse kalikonse, aichirikize ndi matumba a udzu kuti isagwere chammbali, ndiponso aifunditse ziguduli.

Mawu atatu amenewo ndiwo anasunga moyo wa ng'ombeyo kufikira iye atafika.

Nthenda imene inagwetsa ng'ombeyi Azungu amaitcha milk fever, dzina losokeretsa ndithu, pakuti ng'ombe yogwidwa nayo thupi silitentha konse, koma limazizira kutsika pa madigiri 38 kapena 39 amene ali kutentha kwa ng'ombe yamoyo wabwino. Muzu wake ndi kuchepa kwa mchere wa kashiamu m'magazi, mchere umene anthu ambiri amaudziwa kuti ndiwo umalimbitsa mafupa, koma osadziwa kuti popanda iwo palibe mnofu ngakhale umodzi umene ungagwire ntchito, kaya wa m'mwendo, kaya wa m'chifu, kaya wa mtima weniweniwo.

Taonani m'mene zimachitikira. M'magazi onse a ng'ombe yaikulu mumayenda kashiamu wongokwana ngati magalamu 3 pa nthawi imodzi. Koma pa tsiku lobereka, pamene bere lidzaza ndi chithuwi, mkaka woyamba wachikasu uja, malita 10 okha amatenga magalamu oposa 20. Thupi liyenera kubweza msangamsanga chimene chachoka, pokatapa m'mafupa ndi m'zakudya za m'matumbo. Ndipo ngati lichedwa, monga lichitira mwa ng'ombe zachikulire zimene zabereka katatu kapena kanayi, mphamvu imatha m'miyendo ngati madzi m'mtsuko wobooka.

Poyamba ng'ombe imangonjenjemera, kudzandira, kukukuta mano ndi kukana chakudya, ndipo nthawi imeneyi ndi yaifupi, kotero kuti mlimi amene ali mtulo saiona. Kenaka imakhala pansi monga tinaipezera ija, ndowe osatuluka, mkodzo osatuluka, kubzikula kutaleka. Ikasiyidwa chomwecho imagwera chammbali, miyendo tambalale, mimba n'kufufuma chifukwa mpweya wa m'chifu ulibe potulukira. Ndipo zikafika apo imfa ili pakhomo. Zambiri mwa ng'ombe zosalandira mankhwala zimafa, zina tsiku lomwelo lisanathe.

Nthendayi imakonda kugwa m'masiku atatu oyamba chiberekere, makamaka tsiku loyamba ndi lachiwiri.

Makolo athu, amene ankaweta ng'ombe zamakolo za linunda zija, sankaidziwa kwenikweni nthenda imeneyi, popeza ng'ombe yotero imatulutsa mkaka wongokwanira thole lake ndi kapu ya mbusa, ndipo thupi lake silipanikizika. Vutoli linadza pamodzi ndi ng'ombe za mkaka wambiri, za mtundu wa Friesian ndi Jersey ndi ana ake osakanizika, zimene zinayamba kufalikira kwa alimi ang'onoang'ono boma litatsegula mafakitale a mkaka ku Blantyre mu 1969, ku Lilongwe mu 1973 ndi ku Mzuzu mu 1974. Lero lino mkaka wochuluka wa dziko lino umachokera kuno kumapiri a Shire, m'maboma a Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi Blantyre, kumene alimi a m'bungwe la SHMPA amaweta ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola, kuzimwetera nsenjere ndi kuzigulira madeya, ndipo ambiri anazilandira mwa njira ya kupatsirana, yakuti thole lalikazi loyamba lipite kwa mnzako amene akudikira.

Walira mvula walira matope. Ng'ombe imene imadzaza chigubu ndi yomweyo imene imagwa, ndipo ya Jersey imagwa kawirikawiri koposa zinzake.

Ngakhale kumaiko kumene kunachokera ng'ombe zimenezi, anthu anakhala zaka zambirimbiri akuziika m'manda osadziwa chozipha. Mu 1897 dotolo wina wa ziweto wa ku Kolding, m'dziko la Denmark, dzina lake Schmidt, poganiza kuti m'bere muli poizoni, anayamba kuthiramo mankhwala kudzera kunsonga, ndipo ng'ombe zambiri zinadzuka; pambuyo pake anthu anaona kuti ngakhale kupopera mpweya wokha m'beremo kunali kuchiritsa, chifukwa bere lodzala mpweya limaleka kupanga mkaka ndipo kashiamu amatsala m'magazi. Kunali m'zaka za m'ma 1920 pamene akatswiri a ku Britain, mwa iwo Dryerre ndi Greig a ku Scotland, analoza chala pa kashiamu, ndipo kuchokera m'ntchito yawo munatuluka botolo limene mlangizi wathu anatulutsa m'chikwama chake m'mawa umenewo. Ndanena mbiri iyi kuti agogo aja onong'onezana za kaduka asachite manyazi: kusadziwa kunali ponseponse, koma tsopano mankhwala alipo.

Mlangiziyo anafika cha m'ma 8 koloko, fumbi la mwezi wa Okutobala lili mbuu kumaso. Sanathamangire jakisoni. Anayamba wafunsa: yabereka kangati, inabereka yokha kapena anachita kukoka, nsengwa inatuluka kodi, inadya liti komaliza. Anayeza kutentha kwa thupi, anamvetsera mtima, anakama pang'ono nsonga zonse zinayi m'dzanja lake kuti aone mtundu wa mkaka, ndipo atavala pulasitiki wofika m'phewa anapisa mkono kuti atsimikize kuti m'mimba simunatsale thole lachiwiri.

"Mayi, limbani mtima, ng'ombe yanuyi siinalodzedwe," anatero. "Nditenthetsereni madzi, akhale ofunda chabe."

M'madzi ofundawo anaviika botolo la mamililita 400 la kashiamu, kuti mankhwala alowe m'thupi ali ofunda monga magazi. Anyamata awiri anagwira mutu wa ng'ombe naukhotetsera kumbali. Iye anatsina m'munsi mwa khosi kufikira mtsempha waukulu utatupa ngati chingwe, nalasa singano, nalumikiza kapaipi, napatsa mtsikana wamkulu wa pakhomopo botolo kuti alinyamule.

"Usakweze kwambiri, mwanawe. Tsitsa pang'ono. Eya, pomwepo."

Apa ndipo pamene pagona ngozi yaikulu, imene mlimi aliyense wofuna kudzibayira yekha ayenera kuimva ndi makutu onse awiri: kashiamu yemweyo amene amadzutsa ng'ombe, akalowa mumtsempha mothamanga amaimitsa mtima, ndipo ng'ombe imafera pa singano, mwini wake akuona. N'chifukwa chake botolo limodzi limatenga mphindi 10 kufikira 20, wobayayo khutu lili pamtima nthawi yonseyo, wokonzeka kuleka akangomva kugunda kwasokonekera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Botolo lisanathe, tinaona zodabwitsa. Minofu ya m'nthiti inayamba kunthunthumira. Pamphuno youma ija panatuluka timadontho ta thukuta. Ng'ombe inageya kamodzi, kawiri, mpweya wonunkha udzu wowola. Kenaka inatukula mchira nitulutsa ndowe zouma, zolimba, zoyamba chiyambire dzulo.

Sindinaonepo anthu akukondwera ndi ndowe monga anakondwera tsiku limenelo. Mayi wina analuluta.

Mlangiziyo anabayanso mankhwala ena pansi pa chikopa, m'malo angapo, nawatikita kuti alowerere pang'onopang'ono, popeza mwa ng'ombe zinayi zodzuka, imodzi kapena kuposerapo imagwanso pasanathe masiku awiri. Anafotokozanso chifukwa chimene analetsera botolo la mafuta ndi soda lija: ng'ombe yochepa kashiamu simeza bwino, pakuti nayo minofu ya kukhosi imakhala italefuka, ndipo chimene mwaithira m'kamwa chimalowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo chimene chimaipha patapita masiku, mwini wake n'kumati mankhwala a dotolo ndiwo sanagwire ntchito.

Ng'ombe zambiri zikalandira kashiamu zimadzuka pasanathe maola awiri. Tinadikira maola awiri. Tinadikira atatu.

Ng'ombe inatukula mutu, inanyambita thole lake, inamwa madzi chidebe chathunthu, inayesa kudzuka, koma mwendo wakumbuyo wa kumanja unakana.

Munthu wa butchala uja anasendera pafupi.

Chimene chinachitika n'chakuti ng'ombeyo inagonera mwendo umodzi usiku wonse pa simenti. Ng'ombe ya mkaka yotere imalemera makilogalamu 400 kapena 500, ndiko kunena matumba 8 kapena 10 a chimanga. Ndipo munthu aliyense amene anagonerapo mkono wake mpaka kuchita dzanzi angathe kulingalira chimene chimachitikira ntchafu imene yasenza matumba khumi pa malo olimba kuyambira madzulo kufikira m'mawa. Magazi amaleka kuyenda, mitsempha imafinyika, ndipo pakangopita maola ngati 6 mnofu umayamba kuwonongeka. Chotero nthenda yoyamba ingathe kuchira, ng'ombe n'kukhalabe pansi chifukwa cha chilonda chachiwiri chimene chabwera ndi kugonako.

Kuyambira pamenepa botolo linali litatha ntchito yake. Yotsala inali ya manja a anthu.

Choyamba chinali kuichotsa pa simenti. Mlangiziyo analetsa kuikoka ndi chingwe cha m'khosi, kapena ndi nyanga, kapena ndi mchira, monga anthu amachitira; m'malo mwake anaigubuduzira pa lona wakale, miyendo ataipinda bwino, ndipo amuna 8 anakoka lonayo mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala uja, pamene amayi anali atayala udzu wouma ndi mapesi, mulu wofika m'bondo. Dothi lofewa ndi udzu zimapatsa ziboda pogwira, pamene simenti yonyowa ndi ndowe imatereretsa, ndipo ng'ombe yofooka ikatereka miyendo n'kutang'adza, imang'amba minofu ya m'kati mwa ntchafu kapena kugulula chiuno, ndipo ikatero siidzaimanso. Pofuna kupewa zimenezi anamanga miyendo yakumbuyo ndi chingwe chofewa, pamwamba pa ziboda, kusiya mpata wonga theka la mita pakati pake.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chimatopetsa anthu, chinali kuitembenuza. Maola atatu kapena anayi alionse, usana ndi usiku, ng'ombe iyenera kusinthidwa kuti igonere ntchafu ina, mwendo umene unali pansi n'kuutikita, kuupinda ndi kuuwongola kuti magazi abwerere. Ndipo nthawi zonse ikhale chapachifuwa, itachirikizidwa ndi matumba, pakuti ng'ombe yogona chammbali imafufuma mimba ngakhale ilibe nthenda ina iliyonse. Madzi akhale pafupi ndi mlomo wake, m'beseni losagubuduzika, ndipo ng'ombe yongobereka kumene imamwa zidebe zingapo pa tsiku. Nsenjere yanthete ikhale pomwepo, ndi madeya pang'ono. Dzuwa la Okutobala lisaiwombe, ndipo usiku ifundidwe.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo mkazi mmodzi satembenuza ng'ombe. Anthu a m'gulu la mkaka la mayiyo anagawana maola monga agawirana pa matenda a munthu: awa madzulo, awa pakati pa usiku, awa mbandakucha. Ndinadzuka nawo usiku woyamba, cha m'ma 2 koloko, ndipo sindidzaiwala amuna anayi ndi amayi awiri atagwada m'udzu, nyali ili pa nthambi, wina akuwerenga kuti onse akankhe pamodzi, ng'ombe ikubuula, thole likuyang'ana lili m'kakhola kake. Panalibe wolipidwa pa anthu amenewo. Wina mwa iwo ndi amene anali kudikira thole lomwelo, poti linali lalikazi. Koma enawo anabwera chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsiku lachiwiri anamanga chonyamulira. Anazika nsichi zinayi za bulugama mozungulira ng'ombe, napingasa mitanda iwiri pamwamba, napisa matumba olimba osokedwa pamodzi kunsi kwa chifuwa ndi mimba, kusiya bere pa mtunda kuti lisafinyike. Ndipo amuna anakweza pang'onopang'ono kufikira ziboda zonse zinayi zitaponda pansi. Cholinga cha chonyamulira ndi kuthandiza ng'ombe kuti iyese kuima yokha, magazi ayende m'miyendo, mwini wake apezenso mpata wokama. Ngati ingolendewera ngati thumba, osaponda konse, itsitseni msanga, chifukwa kuipachika nthawi yaitali kumaivulaza koposa kugona. Ndipo ndinamva za alimi amene, mwa chikondi chomwe, anasiya ng'ombe ili lende usiku wonse, m'mawa n'kuipeza itafa. Mphindi zowerengeka, kawiri kapena katatu pa tsiku, n'zokwanira.

Thole nalo lisaiwalike m'chipwirikiti chotere. Liyenera kumwa chithuwi m'maola 6 oyamba a moyo wake, malita atatu kapena anayi tsiku loyambalo, pakuti m'menemo ndimo muli chitetezo chake chonse ku matenda, ndipo matumbo ake amatseka njira yolandirira chitetezocho tsiku limodzi likangotha. Make akakhala pansi, mkamireni ndi kulimwetsa. Kukamako kumathandizanso kuona ngati bere layamba kutupa, popeza bere logona m'ndowe silichedwa kulowa tizilombo.

Tsono ndisanamalize za ng'ombe ya ku Bvumbwe, ndiyenera kunena mosabisa kuti si ng'ombe iliyonse yogwa itabereka imene imafuna kashiamu, ndipo mlimi amene angogula botolo osaitana wodziwa angathe kutaya ndalama ndi ng'ombe yomwe. Safunsa anadya phula.

Sabata lomwelo, cha ku Chiradzulu, anandionetsa khola lopanda kanthu. Munali ng'ombe yaing'ono yobereka koyamba, imene inakweredwa isanakule mokwanira, ndiponso ndi nkhunzi yaikulu. Thole linakakamira panjira, ndipo amuna 6 anamanga chingwe m'miyendo yake nakoka ndi mphamvu zawo zonse monga akoka galimoto yotitimira m'matope. Thole linatuluka lakufa, ndipo make sanaimenso. M'kati mwa chiuno cha ng'ombe mumadutsa mitsempha imene imalamulira miyendo yakumbuyo, ndipo thole lalikulu likakhala nthawi yaitali panjira, kapena likakokedwa mwankhanza, mitsemphayo imaphwanyika. Ng'ombe yotere imakhala maso ali gwa, makutu ofunda, ikudya bwino lomwe, koma miyendo ikutaya kumbali. Mankhwala ake ndi ochepetsa kutupa ndi ululu, amene dotolo amabaya, pamodzi ndi chisamaliro chonga chimene tafotokozachi, kwa masiku ambiri. Eni ake analibe owathandiza kutembenuza, ndipo tsiku lachitatu anaigulitsa kwa a butchala pa mtengo umene mwini wake anakana kunditchulira chifukwa cha manyazi.

Lamulo la azamba a ziweto ndi lakuti mphamvu ya amuna awiri ikalephera kutulutsa thole, wachitatu asawonjezedwe, aitanidwe dotolo.

Zilipo zifukwa zinanso. Bere likalowa tizilombo taukali, ng'ombe imagwa ndi poizoni wa m'magazi, mbali imodzi ya bere itatupa, mkaka utasanduka madzi achikasu kapena amagazi. Chiberekero chikaola, makamaka nsengwa ikatsalira, kumatuluka zonunkha ndipo thupi limatentha. Ndipo pano ndipemphe kuti chizolowezi chomangirira mwala ku nsengwa kuti ituluke chitheretu, pakuti chimang'amba chiberekero. Wogwira nsengwa avale pulasitiki m'manja, chifukwa matenda ena a ng'ombe amalowa mwa munthu kudzera m'zimenezi. Nthawi zina fupa lathyoka, nthawi zina michere ina ya m'thupi ndiyo yachepa pamodzi ndi kashiamu.

Koma chifukwa chimene chimandiwawa mtima koposa zonse ndi njala. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene madambo auma, nsenjere yatha, mapesi atenthedwa ndi osaka mbewa, ndipo mtengo wa madeya wakwera, mumaona m'makola ng'ombe za bere zoonda ngati zija za m'loto la Farao, nthiti zowerengeka, zikudya thupi lawo lomwe kuti zikuze mwana wa m'mimba. Yotere ikabereka imagwa chifukwa mulibe kanthu m'thupi, ndipo palibe botolo limene lingabweze m'tsiku limodzi chimene chinasowa miyezi itatu. Udzu wofutsa umakonzedwa mvula ikamatha, pamene msipu uli wambiri ndipo palibe amene akuganiza za chilimwe.

Kupewa nthenda ya kashiamu nako kuli ndi nzeru yake, imene poyamba imamveka ngati yopotoka. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9, ndipo iyenera kuleka kukamidwa miyezi iwiri isanabereke kuti ipume, isaonde ndiponso isanenepe kopitirira. Koma m'masabata atatu omaliza, mlimi asaiunjikire laimu kapena michere ya kashiamu wambiri poganiza kuti akuikonzekeretsa, chifukwa thupi likazolowera kulandira kashiamu wosavutikira limaiwala kutapa m'mafupa, ndipo tsiku lobereka limadzidzimuka lili mtulo. Udzu wanthete womera pamene pamathiridwa ndowe zambiri nawonso umawonjezera ngoziyi. Ikangobereka, pamenepo ndiye ipatseni kashiamu mokwanira, ndi masamba a lukina, ndi zotsalira za mtedza, pokumbukira kuti madeya, amene alimi athu amawadalira kwambiri, ali ndi kashiamu wochepa zedi. Ng'ombe imene inagwapo chaka china, mwini wake adziwitse mlangizi tsiku lobereka lisanafike, ndipo iberekere pa udzu, m'chipinda chouma, wina akuizonda usiku.

Pali nthawinso imene chifundo chimafuna kuti munthu aleke. Ng'ombe imene ikudya, ikubzikula, ikukwawa ndi kuyesa kudzuka, ili ndi chiyembekezo, ndipo zina zimaima patatha sabata kapena kuposerapo. Koma imene yakana chakudya, yagona chammbali osafuna kuchirikizidwa, kapena yatambasulira miyendo kumbuyo ngati chule, kuisunga ndi kuizunza chabe. Chigamulo chimenecho achipereke ndi dotolo, amenenso ayenera kunena ngati nyama yake ili yoyenera kudyedwa, pakuti ng'ombe yobayidwa mankhwala ena, kapena yoola m'kati, nyama yake siyenera kufika pa msika, ngakhale mwini wake ataluza chotani.

Vuto lalikulu m'midzi yathu ndi mtunda ndi nthawi. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madotolo akuluakulu a ziweto, ndipo ofuna ntchitoyi ankapita kunja, kufikira pamene yunivesite ya LUANAR inayamba maphunzirowa ku Bunda m'zaka za m'ma 2010. Amene amafika pakhola la mlimi wamba ndi alangizi a ziweto a m'madera, ndi alimi anzawo ophunzitsidwa pang'ono, ndipo mmodzi amayang'anira midzi yambirimbiri, mafuta a njinga yamoto nthawi zina n'kumagula yekha. Mlangizi angathe kufika msanga koma chikwama chilibe botolo, botololo lili m'sitolo ya mankhwala a ziweto ku Limbe, ndipo pamene munthu akwera minibasi kukaligula n'kubwera, maola 6 aja owononga mnofu adutsa kalekale. Ine ndikuona kuti gulu lililonse la alimi, pamalo paja asonkhanitsira mkaka, pamene iwo amangoti ku bulking, liyenera kusunga mabotolo awiri kapena atatu a kashiamu, ndi singano zake, ndi lona mmodzi wolimba, zogulidwa ndi ndalama ya gulu. Mtengo wa zonsezi pamodzi sufika ngakhale pa mwendo umodzi wa ng'ombe ya mkaka.

M'mawa wa tsiku lachitatu, amuna atabwera kudzaikweza monga mwa nthawi zonse, mlangizi anati ayambe atulutsa thole ndi kuliimika patsogolo pake, chapatali pang'ono. Thole linalira. Ng'ombe inaponya mutu kutsogolo, inatukula chiuno monga zichitira ng'ombe podzuka, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera ngati bango la m'madzi. Amuna awiri anaichirikiza m'mbali, wina anagwira patsinde pa mchira, ndipo inakhala chogwada kanthawi, anthu onse ali chete, kenaka inaponda mwendo wakutsogolo, n'kupondanso winawo.

Inaima mphindi zochepa chabe, n'kugonanso yokha. Madzulo ake inaima nthawi yotalikirapo, thole n'kuyamwa.

Mayi uja sanalulute. Anangokhala pansi pa udzu pomwepo, chitenje kumaso, mapewa akugwedezeka. Ndipo munthu wa butchala, amene anali kudzera pakhomopo m'mawa uliwonse, tsiku limenelo anangopereka moni ali panjinga napitirira.

Inu amene muli ndi ng'ombe ya bere la miyezi 8 m'khola mwanu lero, makamaka ngati yabereka kale katatu, musadikire kuti tambala adzakudzutseni ndi tsoka. Pitani sabata lino mukatenge nambala ya foni ya mlangizi wa ziweto wa kwanuko, mukafunse ku bulking ngati botolo la kashiamu lilipo, muunjike udzu wouma pamthunzi, ndipo mupangane ndi anansi anu anayi amene adzadzuke nanu usiku.